Kapu ya Kadontho Kofiira

M'nyumba ya a Ukhondo ngakhale ntchentche inkalowa itapukuta mapazi. Dzinali anawapatsa ndi anansi, poona bambo wosamba m'manja asanapereke moni ndi kusambanso akapereka. Ndiye tsiku limene alamu awo, mchimwene wa akazi awo, anabwera kudzakhala nawo miyezi itatu kuti azilandira mankhwala a matenda a chiwindi otchedwa hepataitisi C, a Ukhondo mtima unangoti phwii.

M'mawa mwake anatenga penti yofiira n'kudontheza pa kapu imodzi, mbale imodzi ndi supuni imodzi. Mpando wa alamuwo anaukankhira kufupi ndi khomo. Moni ankapereka manja ali m'thumba.

"Abambo, mukundichititsa manyazi," anadandaula mayi a m'nyumbamo. "Anamwino akuti matendawa sayenda m'kapu. Tiyeni mukadzifunsire nokha."

"Ndikafunse chiyani? Ndinabadwa dzulo ine? Matenda ndi matenda basi."

Kapepala kofotokoza za matendawa kamene alamu anabwera nako, a Ukhondo anakapinda kanayi n'kuchirikizira mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Alamuwo zinkawapweteka, koma mlendo sadandaula mokweza. Ankangomwa tiyi wawo m'kapu ya kadontho.

Komatu a Ukhondo anali ndi pofooka pawo: ndevu. Lumo lawo linali litabuntha, pomwe pamwamba pa zenera la kubafa, pamene alamu ankabisa zinthu zawo, panali lumo lokongola, lometa ngati likusisita. Ankalitsitsa mwakachetechete, kulitsukuluza pampopi, n'kumeta akuimba mluzu. Akadzicheka pachibwano ankangomatapo kathonje.

Patapita milungu isanu ndi umodzi, alamu anatuluka kubafa lumo lili m'manja.

"Alamu, pepani, ndifunse nawo. Ndevu zangatu n'zakuda bii. Nanga imvi zili m'lumo langazi zachokera kuti?"

Mayi anayang'ana chibwano cha amuna awo, chosalala, chili ndi kathonje. Supuni inawagwa m'manja.

"Ndimalitsukatu bwinobwino," anatero a Ukhondo, mawu atachepa.

Mayi anagwada, nasolola kapepala kaja pansi pa tebulo, n'kuwerenga mokweza. Kachilomboka kamayenda m'magazi: pa jakisoni wobwerekana, lumo, mswachi, chowengera zikhadabo. Magazi ochepa osaoneka ndi maso amakwana. Koma kudyera mbale imodzi, kugwirana chanza ndi kukumbatirana, ayi ndithu.

"Mwaona? Mwatseka mazenera onse, chitseko mwasiya pululu," anatero mayi.

"Koma sindikumva kupweteka paliponse."

"Inenso sindinkamva kanthu zaka zonsezi, chikhalirecho chiwindi chikuwonongeka," anatero alamu. "Valani nsapato, ndikuperekezeni."

Ulendo wa kuchipatala umene anaukana uja anauyenda, kutsogolo kuli alamu. Anawatenga magazi, nawauza tsiku lobweranso. Masiku odikirawo a Ukhondo anaonda ndi mantha, ndipo kunena zoona ankamvetsa chisoni. Zotsatira zitatuluka, kachilombo kanapezeka.

"Katemera wake kulibe, bambo, koma mankhwala alipo ndipo amachiza," anatero anamwino. "Mwachita mwayi kuti tadziwa msanga. Muli ndi funso?"

Munthu amene sankafunsa uja anafunsa mpaka anamwino anayang'ana wotchi.

Alamu anamaliza mankhwala awo, ndipo atayezedwanso anapezeka kuti achira. Tsiku lotsanzikana, a Ukhondo anatulutsa dzanja m'thumba, nagwira la alamu awo nthawi yaitali.

"Ndinakulakwirani, alamu."

"Zatha zimenezo. Koma lumo lokha gulani lanu."

Atachoka mlendo, mayi anabweretsa mapiritsi ndi madzi. Madziwo anali m'kapu ya kadontho kofiira.

"Imwani, abambo. Ndi yoyera, mwini wake anachira."

A Ukhondo anaiyang'ana kapuyo, naseka mwamanyazi, n'kumwa madzi onse. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.