Mfuti Yomwe Anasankha a Lyton

Lachisanu lililonse m'fuleti ya anti Rosemary ku Al Doha Al Jadeeda, kuno kudziko la Aluya, mumadzaza Amalawi. Antiwa ndi nesi, ndiye pabalaza pawo n'potakasuka, eyakoni imaziziranso bwino. Kumabwera magadi, madalaivala, a m'mahotela, aliyense ndi kapu yake ndi bodza lake. Koma pa nkhani za uzimba panalibe wowaposa a Lyton Macfussy.

A Lyton ankayendetsa galimoto ya bwana wina wa ku Al Mirqab, dzina lake Suleman. Akayamba kusimba za kwawo ku Mchinji, tiyi ankazizira m'makapu. Ati anagwetsapo mbawala ziwiri ndi chipolopolo chimodzi. Ati nguluwe zikamva fungo lawo zinkasamuka dambo. Koma owadziwa amati ankangothamangitsa agwape ndi agalu, ndipo mfuti yomwe anaikhudzapo ndi gogodela ya amalume awo. Nayonso ankangoinyamula, woomba anali malumeyo.

Tsoka lake, nkhani zomwezi ankazisimbanso m'galimoto, bwana ali kumbuyo. Bwana anakhulupirira. Iye ali ndi famu kunja kwa tauni, ndipo nyengo yozizira ikafika amauluka kukasaka mbawala m'nkhalango za maiko akunja, zija za nyanga zanthambinthambi. Ankafuna munthu woyang'anira famuyo ndi mfuti zake, ndipo ntchitoyo inali ndi nyumba yake, yololedwa kukhala ndi banja. Apa m'pomwe panagona mtima wa a Lyton, chifukwa akazi awo a Monica anakhala zaka akumangowaonera pa foni.

Tsiku lina bwana anawauza kuti Loweruka apita ku chionetsero cha zida zosakira. Akufuna mfuti ya liva, ija yokhala ndi chitsulo kunsi chomwe umachitsitsa n'kuchikweza kuti chipolopolo china chilowe. Wosankha mfuti ndi zipolopolo zake akhala a Lyton, ndipo akasankha bwino, inshallah, famu ndi yawo.

Lachisanu lake a Lyton analengeza nkhaniyi kwa anti asanavule n'komwe nsapato. Pakona panali a Overtone, gadi wa ku Msheireb, amene kumudzi anagwirapo ya gemu, yolondera nyama, ku nkhalango ya Kasungu. Anti Rosemary anawakokera a Lyton kukhitchini n'kuwanong'oneza kuti asagone asanawafunse bambowo.

"Ine kufunsa Overtone, sisi? Munthu wotsegulira anzake geti? Mawa onsewa aziti a Lyton anaphunzitsidwa mfuti ndi mlonda."

"Kufunsa sikuthothola tsitsi, achimwene," anatero anti.

A Lyton anangoseka n'kutola samusa.

Kuchionetsero kunali phwirikiti wa anthu, ena atanyamula akabawi pamkono ngati makanda. Bwana anawasiya a Lyton pa tebulo la wogulitsa, iye n'kuima chapafupi, foni kukhutu. Wogulitsayo anayala kansalu n'kuikapo zipolopolo zitatu. China chinali chachifupi ngati kachala kakunkhonde, china chapakati chomwe amati sate-sate, chomaliza chonenepa ngati chala chamanthu. Anafotokoza kuti chilichonse chili ndi mfuti yake, kenako anafunsa kuti woomba ndani, ndipo nyamayo adzaiona patali bwanji.

Yankho linali poteropo, litavala mkanjo woyera, likulankhula pa foni. Kunali kungotembenuka basi. Koma a Lyton anaona kuti mlenje weniweni safunsa bwana wake zoterozo. Anatukula chifuwa n'kunena kuti woomba ndi mwamuna, nyamanso ndi yaikulu, n'kuloza chonenepa chija. Mfuti yake inali yokongola zedi, ya mpope waufupi, yopepuka, maluwa atagobedwa pachitsulo. Wogulitsa anayamba kunena kuti mfuti yopepuka ya chipolopolo cholemera imamenya mwini wake, iwo n'kumudula ndi mafi mushkila, kutanthauza kuti palibe vuto. Bwana anasaina mapepala osayang'ana kawiri.

Mapepala atatha, anapita nayo kufamu kukaiyesa. Pamkeka panali nkhalamba yoonda ngati bango, ndodo ili pambali, ikumwa khofi m'kakapu. Awa anali bambo ake a bwana. Bwana anatsegula bokosi n'kuwaikira mfutiyo pamiyendo. Inali mphatso yawo, yoti akaombere mbawala imodzi yokha chaka chino, maso asanatheretu.

Pamenepo a Lyton akanatha kunena kuti bwana pepani, sindinadziwe kuti ndi ya agogo. Koma ananamizira kuti zonse zili bwino.

Nkhalamba inasisita maluwa aja n'kunena mawu m'Chiarabu, mwana wawo n'kumasulira kuti wophika ndiye amayamba kulawa. Bwana anaimika chigubu chopanda kanthu pachulu cha mchenga, n'kuwapatsa a Lyton mfuti. Iwo anakumbukira kuti amalume ankagwirira gogodela patali poopa kuti iwaphulikira kumaso, ndiye nawonso thabwa la kumbuyo analisiya lendelende, osalitsamiza paphewa. Anakweza liva mokongola ndithu, zimenezo tisawanamizire. Kenako anatsinzina n'kukoka.

Ngamila zinabalalika m'khola. Fumbi litatsika, chigubu chinali chiimire, a Lyton ndiwo anali chagada, dzanja lamanja lili lobodo. Phewa linaguluka, kafupa ka pakhosi n'kung'aluka.

Ndiye taonani mmene dziko limachepera. Chipatala chomwe anawathamangira n'chomwe amagwira anti Rosemary, ndipo anali pa shifiti. Anawamanga bandeji, kenako anangofunsa kuti mbawalayo inafa kodi.

Bwana sanakalipe, anthu a kuno ena sakweza mawu. Anaima kumapazi kwa bedi n'kufunsa funso limodzi lokha: "Lyton, akanayamba kuomba bambo anga, bwenzi lero tili kuti?" A Lyton anayang'ana kudenga. Bwana anati khalas, ndiye kuti nkhani yatha, n'kutuluka.

Mfuti ija anakaisintha yekha. Wogulitsa atamva kuti woomba ndi nkhalamba, ndipo nkhalangoyo n'njowirira, anapereka ya sate-sate. Famu anapatsa bambo wina wa ku Sudan amene sanasimbepo za mbawala ziwiri. A Lyton sanachotsedwe ntchito, koma poti dzanja limodzi siligwira chiwongolero, anawaika pothirira maluwa mpaka atachira.

Lachisanu lotsatira anabwerabe kwa anti, mkono uli m'nsalu. A Overtone anawasunthira mpando mwaulemu n'kuwafunsa kuti a Mchinji, nyama ija taibweretsani tiwambe. Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa. Atatha kuseka, a Overtone ananena mofatsa kuti chipolopolo chonenepacho chimaphadi mbawala, koma n'cha munthu wozolowera, wofuna nyama ngati njati. M'nkhalango yothinana mbawala umaiona pafupi, ndipo sate-sate imakwana, simenya mwini wake kwambiri, nyamanso siinyenyanyenya. Anati iwowo sakanadziwa kuti mfuti ndi ya nkhalamba, koma akanawauza chinthu chimodzi, kuti usanaloze chipolopolo uyambe wadziwa phewa lomwe lidzachilandire.

"Mukanandifunsa, mkulu, bwenzi ndinakuuzani kuti mukafunse. Basi."

Ali pomwepo foni inalira, ya vidiyo, a Monica. Poti dzanja linali limodzi, anaitsamiza pa botolo la shuga, ndiye aliyense anamva. Mayi anali kumwetulira, pasipoti yatsopano ili m'manja, atavala diresi lachitenje lomwe anasoketsera ulendo. Nkhuku anali atagawa kale kwa achemwali awo, poti a Lyton anali atawauza kuti famu ndi yawo. Anafunsa kuti nyumba ya kufamu ili ndi mawindo angati, agule makatani.

A Lyton anayang'ana foni, n'kuyang'ana a Overtone, n'kuyang'ana pansi. Mapeto ake anangoti, "Amake Tamandani, makatani dikirani kaye. Nkhuku zija mukazitengenso."

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono, ndipo mayi anafunsa kuti nanga mkonowo watani. Pabalaza panalibenso woseka. Anti Rosemary anatola makapu n'kulowa kukhitchini, akunena chapansipansi kuti uchi unalipo, wodziwa njuchi analiponso, koma paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.