Kalumo ka Lufeyo ndi Njere za Msangu

Kalelo, ana inu, kumudzi wina wa kuchigwa anthu ankati msangu subzalidwa ndi munthu, wobzala wake ndi mbuzi. Sankanama kwenikweni. Njere ya msangu ili ndi khungu lolimba ngati mwala. Ukaikwirira imangogona m'nthaka, koma ikadutsa m'mimba mwa mbuzi imamera pomwe mbuziyo yafunira, kaya panjira kaya pachulu, osati m'munda mwako.

Pamudzipo padabwera mkamwini wochokera kuseri kwa mapiri, dzina lake Lufeyo. Katundu wake yense adali mphasa, khasu ndi kalumo kometera ndevu. Apongozi ake, a Nankhoma, adamulozera munda woguga, wodzaza kaufiti. Adalima mpaka manja kutuluka matuza, koma chimanga chidabereka pamalo amodzi okha, patsinde pa msangu wakale wa kumalire, pomwe masamba ankayoyokera mvula ikayamba.

Tsono Lufeyo adatola njere za mtengowo, nakhala pafupi ndi nkhokwe, n'kumacheka pang'ono khungu la njere iliyonse ndi kalumo kaja, monga ankachitira kwawo. Adazifesa m'zigoba za malambe, ndipo zidamera.

Mbiri idawapeza a Kadzamira, malume a mkazi wake, eni mbumba. Adafika ndodo ili m'manja.

"Akamwini, mudabwera kudzakwatira kapena kudzalanda malo? Kuno wobzala mtengo ndiye mwini nthaka. Lero mubzala, mawa abale anu azidzati mundawu ndi wawo. Katayeni zimenezi, apo ayi pindani mphasa yanu."

Lufeyo adanyonyomala. Mkazi wake adali woyembekezera, ndipo kupinda mphasa kudali kusiya mayi ndi mwana yemwe.

"Malume, mitengoyi sindidzaisenza popita kwathu," adatero chapansipansi.

Apo kuseri kwa nkhokwe kudamveka kutsokomola. Adali a Nankhoma, atafulatira, pakuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana.

"Achimwene, tamufunsani mlendoyo kuti wazinyengerera bwanji. Ine njere zimenezi ndakhala ndikukwirira kuyambira ndili namwali, osamera ndi imodzi yomwe."

"Akuti mwazinyengerera bwanji," adabwereza a Kadzamira monyinyirika, ngakhale Lufeyo adali atamva kale ndi makutu ake.

Iye adatulutsa kalumo, nacheka njere imodzi iwo akuona. A Kadzamira adaitembenuzatembenuza pachikhatho.

"Ndiye kuti mwalanda ntchito ya mbuzi?"

"Mkamwini sasankha ntchito, malume."

A Nankhoma adaseka mpaka kugwira nkhokwe. Kenaka adati, "Muuzeni azicheka. Kubzalako ndibzala ndine ndi manja angawa. Mundawo ndi wanga, tione amene adzandipindire mphasa."

A Kadzamira adakanda m'mutu, pakuti mlandu udali utatha osauzenga. Pochoka adanyamula zigoba ziwiri, ati akazitaye kudzala. Mvula itagwa, timitengo tiwiri tidapezeka titaima bwinobwino m'munda mwawo, totchingidwa ndi minga kuopa mbuzi.

Mwana uja adabadwa wamkazi, nakula pamodzi ndi misanguyo. Pamene ankayamba kusinja yekha, kaufiti adali atachepa, ndipo bambo ake ankaluka nkhokwe yachiwiri. Kalumo kaja kadayenda khomo ndi khomo mpaka kubuntha, motero Lufeyo adakalambira pamudzipo ndevu zili pachifuwa, kusowa chometera.

Kuyambira pamenepo anthu amati: mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tanthauzo lake n'lakuti vuto limene eni mudzi alizolowera mpaka kulitenga ngati chilengedwe, wochokera kwina akhoza kudziwa pochekera pake. Choncho munthu wachilendo akachita zimene simudazionepo, musathamangire kumupindira mphasa. Yambani mwamufunsa, ngakhale mutafunsira kuseri kwa nkhokwe.