Maluwa a M'dambo, Zitini za a Jailos

A Jailos anasamala maluwa m'nyumba za ku Nyambadwe zaka makumi atatu. Dzanja lawo linali lodziwika: akazika kamtengo kooneka kouma, kankaphuka. Atapuma ntchito anakhazikika kwawo ku Manja, khonde lodzaza zitini za maluwa.

Kumunsi kwa nyumbayo kunali kadambo kotsala pakati pa maenje a oumba njerwa. Mvula ikagwa, m'menemo munkatuluka maluwa ofiirira a mtundu wa chinaka, lililonse phesi limodzi, kambatata kali pansi. A Jailos ankawazonda m'mawa uliwonse ngati abale.

Chaka china kunabwera mayi Esnat, wofufuza za zomera. Anagwada m'matope n'kuwerenga.

"Khumi ndi asanu ndi anayi basi," anatero. "Bambo, mtundu uwu ukutha. Ine sindinauonenso kwina mumzinda muno. Mwezi wamawa ndibwera ndi akuluakulu. Akaona ndi maso awo, dambo lino alitchinga. Nambala yanga nayi. Kukachitika chilichonse, mundiimbire."

Sabata isanathe, oumba njerwa anayamba dzenje latsopano, mapazi khumi kuchokera pa duwa loyamba. A Jailos anaima n'kuyang'ana. Kenako anakatenga khasu ndi zitini.

Mlongo wawo, a Bertha, anawatsekereza pakhomo.

"Achimwene, mayi aja anati muziimba. Mayunitsi mulibe? Foni yanga nayi."

"Akamadzabwera apeza njerwa."

"Ndiye afunseni kaye kakumbidwe kake!"

"Duwa ndi duwa."

"Aa, inu! Marozi a mabwana aja anakupatsani digiri eti? Mutu ngati mwala wa pamtsinje."

A Jailos anadutsa.

Anakumba mosamala ngati akunyamula khanda. Kambatata kalikonse anakatsuka matope onse mpaka kuyera. Anasakaniza dothi labwino ndi manyowa a nkhuku, naboola zitini kunsi kuti madzi asaime, monga ankachitira ndi duwa lililonse moyo wawo wonse. Anaziika pamthunzi wabwino wa khonde, maluwa awo akale n'kuwasunthira padzuwa.

Sabata yoyamba mapesi anawerama. Yachiwiri masamba anachita chikasu. A Jailos anathira feteleza pang'ono. Yachitatu anafukula chitini chimodzi, napeza kambatata katafewa ngati phwetekere woola. Anafukula china. Chimodzimodzi.

Mayi Esnat anabwera pa tsiku limene ananena, ndi akuluakulu awiri pagalimoto. M'dambo anapeza timaenje todzaza madzi.

"Mayi, titchinge udzu?" anafunsa mmodzi, akupukuta nsapato. Anabwerera kugalimoto.

Mayi Esnat anakwera mtunda yekha mpaka pakhonde. Anaona mzere wa zitini, naona nkhope ya mwini wake. Sanakalipe.

"Mizu munatsuka?"

"Ndinatsuka."

"Moyo wake unali m'matope omwewo, bambo. Muli tibowa tosaoneka ndi maso timene timalidyetsa. Likasiyana nato, ngakhale mulipatse chiyani, silikhala." "Simunasiyeko ngakhale limodzi?"

A Jailos anayang'ana manja awo.

"Ine ntchito sindisiya ya theka."

Mawuwo anatuluka motsika, ngati a munthu wonena uthenga wa maliro.

Pofika chilimwe, pamalo paja panaima uvuni wa njerwa, utsi wake ukufika mpaka pakhonde. A Bertha, amene pakamwa pawo sipatopa, ulendo uno anangothandiza achimwene awo kukhuthula zitini kuseri kwa nyumba.

Palibe anganene kuti a Jailos sanawakonde maluwa aja. Mwa anthu onse a ku Manja, ndi iwo okha anawadera nkhawa. Chikondi chinalipo, khama linalipo, luso la zaka makumi atatu linalipo. Chinasowa ndi funso limodzi, la mphindi ziwiri.

Makolo sananame: safunsa anadya phula.