Mitsuko ya Mapazi a Nkhanga

Kalekale, msewu uwu usanalambulidwe, mchere ukadali wosowa kuposa nyama, kunali mayi wina dzina lake Nagama. Sendera kuno. Mtedzawo uzisenda uku ukumvetsera, makutu alibe ntchito pamenepo.

Nagama anali woumba mbiya. Mwamuna wake anamwalira kale, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, Mwatitha. Mwanayu anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Akafuna kuseka, mpata uja unkayamba kuoneka mawu asanatuluke.

Masiku amenewo mtsuko sunkagulidwa ngati lero. Ukaufuna, umapita kwa woumba. Akakuumbira, umaudzaza ndi chimanga, n'kukhuthula m'lichero mwake, basi mtsuko wakhala wako. Waukulu chimanga chambiri, waung'ono chochepa. Panalibe kukangana.

Koma Nagama anali ndi kachitidwe kake. Sankaumba asanakudziwe. Ankakukhazika pamphasa, n'kumakufunsa izi ndi izi, uku akukuyang'ana khosi, akukuyang'ana mayendedwe. Wa khosi lowawa, mtsuko wopepuka. Wa ana ambiri, mtsuko wa mimba yaikulu. Ndiye dongo lisanaume, ankatenga kamtengo n'kulemba pakhosi pa mtsukowo chinthu chako iwe mwini. Wokonda gule, timizere togwedera. Wobereka mapasa, timadontho tiwiritiwiri. Nasoko, amene ankaweta nkhanga, anamulembera mapazi a nkhanga kuzungulira khosi lonse.

Pachitsime panalibe wosenza mtsuko wa mnzake.

Pansi pa tsindwi la Nagama pankakhala Namzeze, kambalame kaja kamamanga chisa ndi dothi. Awiriwa ankatapa dongo kudambo limodzi. M'mawa uliwonse Nagama akayamba kukanda dongo, Namzeze ankaimba:

"Nagama, Nagama,
dongo ili n'la yani?"

Nagama ankayankha, "N'la Nasoko." Mawa lake, "N'la mtengwa wa kutsidya." Akangotchula dzina, manja ankadziwa okha chochita.

Chilimwe china kunafika mlendo, dzina lake Sambani, atasenza mchere. Mchere weniweni, woyera. Iwe ukungomwaza mchere m'ndiwo ngati mchenga, sungamvetse. Anthu nthawi imeneyo ankaotcha udzu wa kudambo, n'kusefa phulusa lake, n'kumati ndi mchere. Unkakanda kukhosi.

Sambani anaona mtsuko wa Nasoko pachitsime. Anauzungulira, anaugogoda ndi chala, n'kufunsa kwawo kwa woumba.

Atafika anati, "Mayi, ndiumbireni wonga wa Nasoko uja, wa mapazi a nkhanga. Wotere ndithu, osasintha ngakhale kamzere. Mtsuko uliwonse, chikho cha mchere. Mukakwanitsa khumi mwezi usanathe, ndiwonjezapo nsalu."

Nagama anafunsa, "Mwini wake ndani, ndimuone?"

Sambani anati, "Mwini wake ndi aliyense amene adzaufune."

 Funso la Nagama linali lisanabwerepo lopanda dzina la munthu.

Usakwinye nkhope, sunamve zonse. Mwatitha anali atatomeredwa. Chaka chotsatira ankayenera kutengwa kupita kuseri kwa mapiri, kutali, ulendo wa masiku atatu. Ndipo mwanayo analibe chovala koma nsalu ya makungwa. Nagama ankaopa kuti akamuseka kuchilendo. Mayi uti akanakana? Ine sindikanakana.

Anavomera.

M'mawa mwake Namzeze anaimba:

"Nagama, Nagama,
dongo ili n'la yani?"

"N'la Sambani."

"Sambani amatunga madzi?"

"Satunga. Ndisiye, ndili pa liwiro."

Anaumba khumi. Sambani sanali wachinyengo ayi. Anabwera tsiku lomwe ananena, anathira mchere zikho khumi, anatambasula nsalu. Mwatitha anaivala n'kuzungulira bwalo lonse, mpata wa mano uli poyera. Nagama anasangalala mpaka misozi.

Sambani anati, "Khumi inanso. Ulendo uno ndiwonjezapo mikanda."

Anaumba khumi inanso. Mapazi a nkhanga, mapazi a nkhanga. Poyamba ankayang'ana pamene akulemba. Kenako ankalemba maso ali kumsewu, kuona ngati Sambani watulukira.

Namzeze anaimba:

"Nagama, Nagama,
dongo ili n'la yani?"

"N'la mchere."

Tsiku lina Namzeze anaimba, Nagama osayankha. Anaimbanso, osayankha. Ankawerenga mitsuko. Kuyambira pamenepo kambalame kanangokhala m'chisa mwake, duu.

Amayi apamudzi ankabwerabe ndi chimanga chawo. Mphasa ija inali itapindidwa. Nagama ankangoloza pakhonde. "Tengani umodzi pamenepo, yonse ndi yabwino." Ndipo inalidi yabwino, yolimba, yosadontha. Wa mapasa anatenga mapazi a nkhanga. Wa gule anatenga mapazi a nkhanga. Nasoko mwini wake anafika pomanga kansanza pakhosi pa mtsuko wake kuti aziuzindikira.

Mwatitha anafunsa, "Amayi, wanga woti ndidzapite nawo mudzaumba liti?"

"Ndimalize kaye khumi iyi, mwanawe."

Mwezi unatha.

"Amayi, wanga uja?"

"Ndimalize kaye khumi iyi."

Ukudziwa kuti mtsuko sufuna phuma. Uyenera kuuma pamthunzi masiku ambiri usanaotchedwe, apo ayi umaphulika pamoto. Tsono atatsala masabata awiri kuti Mwatitha atengwe, Nagama anadzidzimuka. Anakatapa dongo labwino kwambiri, analikanda mpaka linafewa ngati ufa wonyowa, n'kukhala pansi.

Anati mumtima, uwu ndi wa mwana wanga, ndiulemba chimene sindinalembepo.

Anatenga kamtengo. Anaika pakhosi pa mtsuko. Dzanja linayenda lokha. Mapazi a nkhanga.

Anafufuta ndi chala chonyowa. Anayambanso. Mapazi a nkhanga.

Anafufutanso. Anatsinzina, kuyesa kuona nkhope ya mwana wake. M'mutu munkangobwera chikho cha mchere. Atatsegula maso, mapazi a nkhanga azungulira khosi lonse, okongola bwino, ndipo dongo layamba kuuma.

Mwatitha anaulandira ndi manja awiri. Anati, "Ndi wabwino, amayi." Koma ananena milomo ili yotseka, mpata uja sunaoneke.

Anapita kuseri kwa mapiri atavala nsalu, mikanda m'khosi, mtsuko pamutu. Kumeneko palibe anamuseka.

Mvula inagwa, mvula inatha. Anthu atakolola, Mwatitha anabwera kudzaona amake, ali ndi pakati. Anati akhala mwezi umodzi. Nagama anamuphikira ndiwo zamchere wokwana bwino, n'kumufunsa za kumeneko. Apongozi ali bwanji, mwamuna ali bwanji. Pomaliza anafunsa, "Nanga mtsuko uja ukuziziritsa madzi?"

Mwatitha anayang'ana pansi.

"Amayi, kumene ndinatengwa n'kumene a Sambani amagulitsa mitsuko yanu. Tsiku lachitatu ndinapita kuchitsime. Ndinautula pansi, ndinapita kukapereka moni kwa alamu anga. Pobwerera ndinapeza mitsuko isanu ndi itatu, yonse mapazi a nkhanga."

"Ndiye unatani?"

"Ndinangotola umodzi. Ndi umene ndimamwera. Ndikakusowani ndimaugwira pakhosi. Ndiye ndimakumbuka kuti mwina ndikugwira wa munthu wina."

Nagama anati, "Koma yonseyo ndinaumba ndine."

Mwatitha anati, "Yonse ndi yanu, amayi. Koma wanga ndi uti?"

Nagama analira. Analira ngati pali maliro. Anali ndi mchere wodzaza nkhali ziwiri, nsalu zitatu m'dengu, koma mwana wake mmodzi yekhayo anam'tumiza kuchilendo wopanda chomukumbukira nacho. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti palibe anam'kakamiza.

Patapita masiku awiri Sambani anatulukira. Nagama anati, "Bambo, simunandibere kanthu. Mawu anu munawasunga. Koma ndaleka."

"Ndikupatsani zikho ziwiri pa mtsuko umodzi."

"Ndaleka."

"Zitatu."

"Mukafuna mtsuko, mubwere ndi akazi anu ndidzawaone."

Sambani anapukusa mutu. Sanamvetse, koma sanakwiye. Anasenza katundu wake n'kupitirira.

Usaganize kuti zathera pamenepo. Kuleka n'kosavuta. Chovuta n'kubweza chimene chinathawa m'manja.

Nagama anakatapa dongo. Anakhala pansi pa tsindwi, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Namzeze, ndifunse."

Namzeze anasuzumira. "Ndinaleka chifukwa sunkayankha."

"Lero ndiyankha."

Kambalame kanaimba:

"Nagama, Nagama,
dongo ili n'la yani?"

"N'la Mwatitha."

Pakamwa panayankha, koma dzanja silinamve. Mapazi a nkhanga. Anauphwanya. Mawa lake, mapazi a nkhanga. Anauphwanya. Masiku ankatha, ndipo mtsuko umafuna nthawi yake youmira. Akachedwa masiku ena atatu, Mwatitha abwereranso chimanjamanja, ndipo ndi mwana wakhanda ndani akudziwa kuti adzabwera liti.

Tsiku lachisanu Nagama anatambasula mphasa ija. Inali itadyedwa ndi chiswe m'mbali. Anati, "Khala apa, mwanawe. Ndiuze za kwanu."

Mwatitha anakhala, n'kuyamba kufotokoza. Njira ya kuchitsime ndi yokwera. Msana umamuwawa. Nagama ankamvetsera, manja ali m'dongo, ndipo mtsuko unatuluka waung'ono, wopepuka, woyenera munthu wokwera phiri ali ndi mwana kumbuyo.

Anatenga kamtengo. Anamva dzanja lamanja likuyamba kale kupindika kuti lilembe chala cha nkhanga. Ndiye anachita chimene woumba aliyense angakuuze kuti n'kupenga. Analikhalira dzanjalo. Analiika pansi pa ntchafu, n'kugwira kamtengo ndi lamanzere, limene silinalembepo mtsuko wa Sambani ngakhale umodzi.

Mzere woyamba unapita uko. Wachiwiri unagwera uku. Ngati nkhuku yapalasa.

Mwatitha anayang'ana mzerewo, anayang'ana amake atakhalira dzanja lawo, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kusoka. Anayesa kudzigwira, analephera. Anaseka. Anaseka mpaka kugwira mimba.

Nagama anakweza maso. Anaona mpata uja.

Anati, "Usatseke pakamwa. Khala choncho."

Anayamba kulemba mano. Dzino, dzino, dzino, kuzungulira khosi lonse, ena aatali, ena opotoka, pakuti lamanzere ndi lamanzere basi. Atafika kutsogolo anasiya mpata umodzi.

Namzeze anatsika m'chisa, anatera pamphasa, anapendeketsa mutu. Anati, "Woipa."

Nagama anati, "Inde."

Namzeze anati, "Koma ndikumudziwa mwini wake."

Mtsuko unauma pamthunzi. Unaotchedwa litatsala tsiku limodzi kuti Mwatitha anyamuke. Sunaphulike.

M'mawa wa ulendo, Mwatitha analowa m'nyumba, anatuluka ndi chimanga chimene anabwera nacho cha mphatso, n'kuyamba kuthira mumtsuko muja.

Nagama anati, "Ukuchita chiyani iwe? Mwana sagula kwa amake."

Mwatitha anapitiriza kuthira mpaka unadzaza. Anakhuthula m'lichero la amake monga ankachitira anthu kale. Anati, "Ndikufuna ukhale wanga, amayi. Wina akadzaugwira pachitsime, ndidzamuuze kuti taonani mano."

Anausenza, n'kupita. Nagama anaima panjira mpaka mtsukowo unabisika m'mitengo.

Dzanja lamanja linachedwa kuchira. Panatha mvula ziwiri lisanaiwale nkhanga. Mchere unatha m'nkhali, Nagama anabwerera ku phulusa lokanda kukhosi lija, ndipo masiku ena ankaulakalaka, ndisakunamize. Koma mphasa sinapindidwenso.

Tsono tamvera, iwe amene ukuti kuntchito kwanu akulonjezani mphoto mukachulukitsa. Landira, sindikukuletsa. Mchere ndi wabwino, nsalu ndi yabwino, wogwira ntchito ayenera kudya. Koma mphoto imaphunzitsa manja chinthu chimodzi chokha, chimene inalipira dzulo. Ukamangoyang'ana kumsewu, tsiku lina wako weniweni adzakupempha kanthu, iwe n'kupeza kuti ulibe china chom'patsa koma chomwe unapatsa aliyense. Ndiye m'mawa uliwonse uzidzifunsa kuti dongo ili n'la yani. Ukaona kuti dzina silikubwera, uime kaye.

Taona, mtedza wasenda wochepa bwanji. Yanga nthano yathera pomwepa, lichero ndi lako.