Inki pa Chala cha Bambo

Ndidafika kwa Shehe Likoswe litangotha pemphero la swala ya masana, patapita masiku khumi ndi awiri chiikireni bambo anga m'manda. Asanayambe kuphunzitsa pa madrasa, a Shehe adali kalaliki kukhoti, choncho aliyense wa vuto la mapepala amathera pakhonde pawo.

Vuto langa lidali a Ndembo, achimwene a bambo. Adapatsa mayi mwezi umodzi kuti atuluke m'nyumba. Anthu osabwerako kuchipatala n'kamodzi komwe, pamaliro n'kumayeza zipinda ndi maso! Ine sukulu ndidalekezera Sitandade 6, koma ndidamva kuti khoti limaletsa zotere munthu akapereka pempho ndi chikalata cholumbira.

Titapatsana salamu, ndidayala pepala pamkeka. Lidali loyera, losalembedwa kanthu, kupatula chidindo cha chala m'munsi mwake.

"A Shehe, chidindochi n'cha bambo. Mundilembere pamwambapa kuti nyumba adasiyira mayi, tiphatikize ku pempholo."

"Adanenadi choncho, mwananga?"

"Akadanena. Matenda adawatseka pakamwa."

"Nanga adadinda liti?"

"Ali kuchipatala."

Pepalalo sadalikhudze. Kunja kudali bata, koma ngodya imodzi ya pepalalo idadzuka n'kugonanso. Apo ndidamva fungo la mafuta aja tidawadzoza bambo tisanawanyamule.

"Twaibu," adatero motsitsa mawu, "waiwala kuti adawasambitsa ndine? Udatipempha tituluke pang'ono kuti utsanzikane nawo. Titalowanso, chala chachikulu chakumanja chidali chabuluu. Ndidachitsuka katatu, inki osachoka. Tidawakulunga m'sanda chili chomwecho. Wosambitsa maliro saulula zomwe waona, ndipo palibe amene adzamve izi kwa ine."

Manyazi sadandigwire. Udandigwira ndi mkwiyo.

"Pepani a Shehe, ndiye mayi akagone pamsewu? Amoyo akuba dzuwa likuswa mtengo, inu mukuteteza chala cha wakufa!"

Adalowa m'nyumba mwakachetechete, nabwera ndi pepala lina ndi kabokosi kachitsulo.

"Khoti likufuna zomwe iwe ukudziwa ndipo ungathe kulumbirira. Adakwatirana chaka chanji, njerwa adaumba ndani, ana mulipo angati, a Ndembo adanena chiyani, tsiku liti, pamaso pa yani. Tilemba mfundo iliyonse payokha ndi nambala yake, ndikuwerengera, pomwe sukudziwa tisiyapo. Kalata ya nikahi ya makolo ako ili m'kabokosimu, ukwatiwo ndidamanga ndine. Mkazi wamasiye ali ndi gawo lake, kwa Allah ngakhalenso ku boma."

"Mukutsimikiza kuti tikapambana?"

"Sindine woweruza. Ndikutsimikiza kuti mayi ako sakaima okha, ndikakhalako."

Ndidayang'ananso chidindo chija. Mizere yake idaoneka yonyowa ngati chadindidwa kumene. Ndidakumbukira kuzizira kwa dzanja la bambo, ndi m'mene chala chidaumira pomwe ndinkachikankhira papepala.

"Nanga ili nditani nalo?" ndidafunsa.

A Shehe adatsegula inki yawo naiika pakati pathu.

"Ilo lisiye loyera. Bambo ako apita ndi inki kuchala, ndipo adzafunsidwa kuti adadinda chiyani. Pakali pano angathe kuyankha kuti palibe. Usawalande yankho limenelo. Bweretsa chala chako."