Kamtedza Awongola Mano a Kalimba

Kalekale, ana inu, kumudzi wina wa patsinde pa phiri kunali mkamwini dzina lake Kamtedza. Anali wosula zitsulo, ndipo ntchito ankaidziwa. Koma matama! Akaona chinthu chokhota, manja ankamuyabwa. Ngakhale mchira wa galu akadauwongola, galuyo akadalola.

Apongozi ake aamuna, a Gwirize, anali katswiri woimba kalimba. Mukukadziwa kalimba inu? Ndi kathabwa kokwana m'manja awiri. Pamwamba pake pamandandalika mano achitsulo, opanikizidwa ndi kamtanda, aatali pakati, aafupi m'mbali. Umakagwira chonchi, n'kumakanda nsonga za manowo ndi zala zazikulu ziwiri, ichi kumanja, ichi kumanzere. Ukakalowetsa m'chigubu, mawu ake amafika kutsidya kwa dambo.

A Gwirize atamwalira, kalimba kaja anakasomeka kutsindwi. Chaka chinatha, anthu nayamba kufulula mowa wa sadaka. Nachisale, mkazi wa Kamtedza, anakatsitsa n'kukapukuta mwaye.

"Bambo anati pa sadaka yawo kalimba kawo kadzalire," anatero. "Nanga aimbe ndani? M'mudzi muno mulibe."

"Mulibe? Ine ndili pano?" anatero Kamtedza. "Tizitsulo tisanu n'titatu timeneti? Ine ndimasula makasu!"

Uyo, wapita nako kuchipala kwake. Kukayang'ana, anaseka chikhakhali.

"Haa! Madala aja analibe diso. Ili lalitali, ili lalifupi, ngati mano a nkhalamba!"

Anatenga nyundo. Go! Go! Lalitali walikankha. Go! Go! Lalifupi walikoka. Lapakati penipeni linakana kulowa, ndiye analidula ndi tupa. Mano onse anangoti ndendende ngati a chipeso. Anathamangira kunyumba mtima uli m'mwamba.

"Nachisale! Tabwerani mudzaone ntchito ya amuna!"

Anakanda dzino loyamba: ndii! Lachiwiri: ndii! Lachitatu: ndii! Onse asanu n'atatu, mawu amodzimodzi.

Lichero linagwa m'manja mwa Nachisale.

"Mayo ine! Mwawapha kawiri bambo anga! Kutalika kwa dzino ndiwo mawu ake. Lalitali limalira pansi, lalifupi limalira m'mwamba. Nyimbo yawo inali m'menemo, inu mwaifafaniza!" Anapukuta misozi ndi nsalu. "Mowa ukupsa mkuja. Kalimba aka kakapanda kulankhula, mumange mvukuto wanu, tikuoneni msana."

Apa Kamtedza anachita mantha, chifukwa mkazi wake ankamukonda kwabasi, kungoti pakamwa ndi pamene panali pouma. Tsiku lonse anakhala kuchipala. Kukankha, kukoka. Kukankha, kukoka. Kalimba kankalira ndithu, koma ngati nkhuku zakuti zaona kabawi. Akadadziwa bwanji mawu oyenera? A Gwirize akamaimba, iye ankakhala ali go go go ndi nyundo.

M'mawa mwake anamva mtondo kuseri kwa nyumba. Nachisale ankasinja, uku akung'ung'udza kanyimbo. Kamtedza anatchera khutu. Abale, si nyimbo ya a Gwirize imeneyo? Anapita, nanjuta pambali pa mtondo, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

"Ndalakwa, Nachisale. Taimbaninso, koma pang'onopang'ono."

Mkazi anamuyang'ana cham'mbali. "Makutu mwawatola kuti lero?"

Komabe anaimika munsi, natulutsa liwu limodzi lokha. Kamtedza anakoka dzino, nakanda.

"Latsika kwambiri! Libwezeni!"

Analikankha.

"Mwapyoza! Pang'ono pokha, ngati mukuchotsa chitsotso m'diso!"

Analigogoda mwaulemu.

"Apo! Apo! Musalikhudzenso!"

Liwu lachiwiri, dzino lachiwiri. Liwu lachitatu, dzino lachitatu. Mkazi kuimba, mwamuna kumvetsera. Dzuwa lili paliwombo, mano asanu n'awiri anali atabwerera m'malo mwake. Koma lija lodulidwa ndi tupa linakanika. Kulikoka mpaka kumapeto, mawu osatsika.

Kamtedza anati liwiro la mtondo wadooka, kuchipala! Mvukuto fuu, fuu! Anasula dzino kuchokera ku khasu lakutha. Loyamba linanenepa, mawu ake gwa. Lachiwiri linapyapyala, n'kuthyoka. Lachitatu atalimanga n'kulikanda, linangoti duu, pansi penipeni. Nachisale anagwira pakamwa.

"Tsopano imbani," anatero.

Kamtedza anamenya ndi mphamvu zake zonse.

"Si khasu limenelo! Kandani ndi chikhadabo, chala chitsetsereke chokha. Yambani pakati. Kumanja, kumanzere. Kumanja, kumanzere!"

Pofika madzulo zala zonse ziwiri zinali matuza okhaokha, koma sanasiye.

Tsiku la sadaka bwalo linadzaza. Amayi a Nachisale, namfedwa uja, anakhala kuseri kwa nkhokwe, pajatu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akakumana panjira, wina amalowa patchire.

Kamtedza anaika kalimba m'chigubu. Anayamba, naphonya. Anthu anatsokomola. Anayambanso. Kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, dzino lapakati duu! Nyimbo inadzuka, ana inu! Inadzuka n'kuyamba kuyenda!

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka nthungululu. Apongozi aja anatulukira, nadutsa pakati pa bwalo, n'kudzakhala pamphasa imodzi ndi mkamwini, bondo kugunda bondo!

"Aaa! Mayi! Mwambo!" anthu anakuwa.

"Ndisiyeni!" anatero iwo, misozi ili chuchuchu. "Amuna anga akulankhula, inu mukuti ndikhale kunkhokwe?"

Nyimbo itatha, Nachisale anabwera nagwada pafupi ndi mwamuna wake.

"Mwaphonya katatu," ananong'ona.

Kamtedza anaweramitsa mutu, koma mkaziyo anapitiriza.

"Ndiye mawa ndikamasinja, mudzabwere nako kumtondo. Mkuja chimodzimodzi. Inu mutu wanu ndi wouma, zitenga zaka zimenezi."

Yanga nthano ndaitula pomwepa, kaphuleni mbatata zisanapserere. Chinthu usanachimve kulira kwake, usathamangire kuchiwongola.