Chipata cha Nankhwazi pa Mtsinje wa Liwazi

Makolo athu a mfunda wa Mbewe atathawa chilala kumapiri a kumadzulo, anamanga mudzi pamene mtsinje wa Liwazi umathira m'nyanja. Anawatsogolera ndi Nasiyani, amene anabereka Nachuma, ndipo Nachuma anabereka Nankhwazi.

Mvula ikayamba, mpasa zinkakwera mtsinjewo kukaikira mazira m'miyala ya kumtunda. Anthu ankatchinga madzi ndi biyo, mpanda wa mitengo ndi bango wokhala ndi miono, koma pakati ankasiya chipata chotalika ngati bwato kuti nsomba za mazira zidutse.

Nankhwazi anakwatiwa ndi Chimphepo, mkamwini wochokera kwa alenje, kumene mpanda wokhala ndi mpata unali manyazi a mwamuna. Tsiku lina m'mawa Chimphepo anatseka chipatacho, ndipo pofika masana mpasa zinali mulu pamchenga, zambiri zoti sakanatha kuziwamba.

Nankhwazi anafika mwana wake Tiyese ali kumsana. Anatumbula nsomba imodzi, mazira n'kukhuthukira pamapazi ake.

"Bambo a Tiyese, wakutumani ndani?"

"Anzako akuthokoza, iwe ukukalipa?" anatero Chimphepo akuseka. "Kwathu nyama ikalowa mu ukonde sitiitsegulira khomo."

"Kwanu n'kwanu. Kuno munabwera ndi uta ndi mphasa, mtsinje munaupeza. Mwanayu akamera mano adzatafuna chiyani, uta wanuwo?"

Nankhwazi analowa m'madzi ofika m'chiuno, nazula mitengo ya pakati ndi manja ake. Atabwerera kumudzi anaika uta ndi mphasa ija pabwalo, ukwati n'kuthera pomwepo.

Zaka zitatu mpasa sizinakwere. Ana anatupa mimba, ndipo Tiyese anachedwa kuyenda. Chaka chachinayi Nankhwazi anamanga yekha biyo, nasiya chipata cha mabwato awiri. Nsomba zinabwera mpaka madzi kuda, ndipo mitengo ya mikuyu imene anazikayo inaphuka masamba madzi akuyenda.

Lero deralo n'lotetezedwa, ndipo mikuyu ya Nankhwazi idakaima mumtsinje, isanu tsidya lino, inayi tsidya lija, pakati pali pululu. Koma chaka chatha alonda a nkhalango anapeza neti ya udzudzu itamangidwa pachipata chomwecho, yodzaza ndi tiana ta mpasa tosafika chala. Anaimangayo si mkamwini ayi. Ndi mdzukulu wa Tiyese.